Ng'ona ya m'kanema ndi ng'ona ya padooko

Ojambula makanema a nyama zakutchire akafika m'chigawo chathu cha Tete, kuno ku Mozambique, maso awo amakhala pa nyanja ya Cahora Bassa ndi nkhalango ya Mágoè, imene boma linaisandutsa malo otetezedwa m'chaka cha 2013. Ntchito yawo sindikuitsutsa, pakuti kanema wabwino amakopa alendo. Chondivuta n'chakuti zina zimene wojambula amachita pofuna chithunzi chokoma zimatsalira ife, iye atakwera ndege kubwerera kwawo.

Ng'ona imatha kugona pamchenga nthawi yaitali itayasamula kukamwa, osasuntha n'komwe, ndipo wojambula amene masiku akumuthera angakopeke kuiponyera matumbo a nsomba kuti idumphe pamaso pa kamera. Ikazolowera kuti bwato limabwera ndi chakudya, ng'onayo imasiya kuopa anthu, chonsecho padooko lomwelo mpamene amayi amachapa ndipo ana amatunga madzi m'mamawa. Nayo drone, ndege yaing'ono yojambulira youluka yopanda munthu, imalira ngati njuchi, zimene njovu zimaziopa kwambiri. Gulu la njovu lothawa phokosolo limaoneka bwino m'kanema, fumbi lili koboo, koma likhoza kukathera m'munda wa mapira umene banja likuyembekezera kudya chaka chonse.

Palinso bodza lina losaonekera msanga, lochotsa anthu m'chithunzi. Kamera imalozetsedwa kumene kulibe ukonde, msasa wa asodzi kapena nyali za mabwato opha kapenta usiku, kuti woonera wa ku London aganize kuti kuno n'chipululu cha nyama zokhazokha. Komatu kuyambira m'chaka cha 1994, pansi pa ndondomeko ya Tchuma Tchato, midzi ya ku Mágoè ndi Zumbo yakhala ikutenga nawo mbali posamalira nyamazi, ndipo malamulo a dziko lino amati 20 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera pa nkhalango ndi nyama izibwerera kwa eni dera.

Ine ndimaona kuti chilolezo cha ANAC, bungwe la boma loyang'anira malo otetezedwa, pachokha n'chosakwanira. Wojambula ayenera kukhala pansi ndi mfumu ndi anthu ake asanatulutse kamera m'chikwama, kulipira moyenera omulondolera njira, kubisa malo enieni amene njovu za minyanga ikuluikulu zimamwera madzi kuopa alenje ozembera lamulo, ndipo kanemayo akatha abwere adzamuonetse m'mudzi momwemo, m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe.