Ana atatu amene sankayankha m'kalasi mwanga

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Machinga, ndipo m'kaundula wanga muli ana 108, ngakhale kuti cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, makalasi a ana aang'ono amadzaza chonchi, moti mwana amene wangokhala chete kumbuyo angathe kumaliza teremu yonse mphunzitsi osadziwa chimene chikumuvuta.

Lolemba tinkawerenga maphatikizo monga mmene buku la mphunzitsi la National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsira ana kuwerenga, limanenera: ndiyambe ine, tiwerengere limodzi, kenako ana awerenge okha. Pamene kalasi yonse ikufuula "sa, se, si, so, su", ndinayenda pakati pa mizere n'kumayang'ana pakamwa pa mwana aliyense. Ndinapeza atatu amene milomo yawo sinkagwirizana ndi ya anzawo. M'buku langa la zotsatira onsewa ndinali nditawaika m'gulu limodzi la otsalira, ndipo kulakwa kwanga kunali komweko, chifukwa ndinawapatsa dzina limodzi ndisanafufuze chimene chikutsekereza aliyense.

Woyamba anali mtsikana amene kwawo amalankhula Chiyao chokha. Lachiwiri ndinajambula nsomba pa bolodi n'kumufunsa dzina lake m'chilankhulo cha kwawo. Anayankha motsitsa mawu kuti "somba". Ndinalemba "somba" ndi "nsomba" moyandikana, ndipo iye yekha analoza "so" m'mawu onse awiri. Mwanayu nzeru ali nazo. Chimene ankasowa ndi poyambira pamene akupadziwa kale. Ndinamukhazika ndi mnzake wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, n'kuletsa kalasi kuseka aliyense amene wayankha m'Chiyao.

Lachitatu kunabwera pa njinga mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera amene amayendera sukulu za m'zoni yathu, yemwe anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Anatenga mwana wachiwiri mwa atatu aja, mnyamata amene ine ndinkamuyesa wamwano chifukwa chosayankha akaitanidwa, n'kuima kumbuyo kwake ndi kutchula dzina lake monong'ona, kumanja kenako kumanzere. Mwanayo anatembenuka mbali imodzi yokha. Khutu linalo linali likutuluka mafinya, ndipo iye ankalibisa ndi dzanja. Mtima unandiwawa pokumbukira kuti mwana ameneyu ndinamukalipirapo kangapo. Mlendoyo anandiuza mosapsatira kuti, "Aphunzitsi, musamalankhule mutafulatira ana pamene mukulemba pa bolodi, chifukwa mwanayu amadalira kuona pakamwa panu." Chizolowezi chimenechi ndakhala nacho zaka zambiri, ndipo kuchisiya kwandivuta kuposa china chilichonse sabata ino.

Wachitatu ndi mwana wachialubino. Ndinali nditamuika kale kutsogolo, ndikuyesa kuti ndachita mbali yanga, koma malowo anali pafupi ndi zenera, pamene kuwala kwa m'mawa kumamuthobwa m'maso. Tinamusunthira kumbali ya mthunzi, ndinayamba kulemba zilembo zikuluzikulu ndi choko chonyowetsa kuti zioneke bwino, ndipo ndinamulola kuimirira n'kuyandikira bolodi nthawi iliyonse popanda kupempha. Chipewa chake amavala ngakhale pa mzere wa m'mawa, ndipo aphunzitsi aakulu analengeza zimenezi kuti pasakhale womuvula.

Lachinayi ndinaitana mayi a mnyamata wa khutu uja. Anabwera ndi nkhawa poganiza kuti mwana wapalamula. Ndinati, "Mayi, mwana wanu sanalakwe kanthu, koma khutu lake likufunika achipatala msanga." Iwo anafotokoza kuti vutoli linayamba nthawi ya dzinja, ndipo ankaona ngati lidzatha lokha. Mmodzi wa amayi a gulu loyang'anira ana pa sukulu pathu anadzipereka kuwaperekeza.

Ndondomeko ya boma ya maphunziro osasiya mwana aliyense, ya 2017 mpaka 2021, inanena zoti ana onse aziphunzira limodzi, ndipo ine ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse. Komabe mphunzitsi woyendera mmodzi sangakwanitse sukulu zonse za m'zoni, moti ntchito yozindikira ana otere imagwera ife a m'kalasi, amene ambiri tinangophunzirako pang'ono za nkhaniyi ku koleji.

Lachisanu ndinayesa ana m'magulu a khumi pansi pa mtengo wa mango, ena powerenga, ena poloza khadi la phatikizo limene ndatchula. Mtsikana uja anawerenga maphatikizo 7 mwa 10, ndipo mwana wachialubino anawerenga onse atagwira khadi pafupi ndi maso. Mnyamata wa khutu sanabwere, chifukwa anali atapita kuchipatala ndi mayi ake. Malo ake a kutsogolo, kumene khutu labwino limaloza kwa ine, ndinawalemba ndi choko pansi kuti Lolemba adzawapeze.