Tsiku limene ndege yanga inandineneza kwa akazi anga

Amene anandilowetsa m'mavutowa ndi agogo ena achizungu oyandikana nafe nyumba kuno ku Bedford, ku England. Tikucheza pampanda, ndinawauza kuti ndili mwana ku Ndirande ndinali dolo popanga magalimoto amawaya. Agogowo anangolowa m'nyumba osayankha, n'kutulukamo ndi chipepala chopindapinda, mtolo wa timatabwa ndi kainjini kokwana m'dzanja.

"Panga iyi tione," anatero.

Inali pulani ya ndege yotchedwa Junior 60, imene Albert Hatfull anajambulira kampani ya Keil Kraft mu 1946. Mapiko ake ndi mainchesi 60, ngati mita imodzi ndi theka. Timatabwato tinali ta balsa, mtengo umene wambiri umachokera ku Ecuador, wopepuka moti ukayetsemula patebulo ntchito ya usiku wonse uzikaitola pansi pa filiji. Kainjiniko kanali ka Ohlsson & Rice ka ku America, koyendera petulo wosakaniza ndi oyilo, kokhala ndi pulagi yake, koyilo ndi mabatire.

Ndinafunsa za rimoti. Agogo anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Ndege zoterezi zilibe rimoti. Umaliza injini, kuiponya, basi. Zotsalazo zili pakati pa iyo ndi mphepo.

Ndinamangira patebulo lakukhitchini, poti nyumba za kuno zilibe khonde loti munthu n'kutambasulapo ntchito. Nthiti iliyonse ya phiko umaidula ndi lezala, kuikhomerera papulani ndi mapini, kumata guluu, kudikira. Mapiniwo ndinabwereka m'kachitini ka mayi akunyumba iwo ali kuntchito. Kenako umakuta chigobacho ndi pepala lopyapyala n'kupaka mankhwala otchedwa dope kuti likungike. Fungo lakelo, abale! Kunja kukuzizira, mawindo otseka, nsima inkamveka dope, tiyi dope, ngakhale yunifolomu ya mwana. Mayi analamula kuti mawu oti ndege asamvekenso m'nyumba muno, ndipo ine monga mutu wa banja ndinasamukira m'shedi ya agogo mwakufuna kwanga.

Kumeneko anandiphunzitsa zinthu ziwiri zoletsa ndege kuthawa. China ndi kawotchi kamene kamadula magetsi opita kupulagi pakatha masekondi ochepa, injini n'kuzima. Chinacho ndi kachingwe kathonje kumchira. Umakayatsa usanaponye, kamanyeka pang'onopang'ono mpaka kuwotcha kamphira komanga chipsepse, chipsepsecho n'kudzuka, ndege n'kutsika bwinobwino. Anatinso ndimate kapepala pamimba pake, kokhala ndi nambala ya foni ndi lonjezo la mphotho kwa woitola. Popeza ndimagwira ntchito usiku kuchipatala ndipo masana foni yanga imakhala yozima, ndinalembapo nambala ya mayi. Munthu aliyense woganiza bwino akanachita chimodzimodzi.

Loweruka lina dzuwa linawala, chinthu chosowa kuno. Kunyumba ndinasiya mawu oti andiitana shifiti yowonjezera, ndipo kuti nkhani ikhale ndi miyendo ndinavala yunifolomu ndi nsapato zakuntchito. Tinapita kubwalo lina lakumidzi kumene madala anzawo a agogo amasonkhana, aliyense ndi mpando wopinda ndi fulasiki.

Ndinayatsa kachingwe kaja, n'kuyamba kugwedeza pulopela ndi chala. Zii. Ndinagwedezanso. Kainjini kanangotsokomola. Kachingwe kakutha, ndinakazimitsa ndi malovu kuti ndidzakayatsenso zikatheka. Kugwedeza kotsatira pulopela inabwerera m'mbuyo n'kundimenya pachala, phwa! Magazi chuchuchu. Agogo, m'malo mondipepesa, anaona kuti ino ndiyo nthawi yondiphunzitsa mbiri: zoti Bill Brown wa ku Philadelphia anapanga kainjini kamene Maxwell Bassett anagonjetsera ndege zonse zoyendera mphira pampikisano waukulu wa ku America mu 1933, mpaka akuluakulu anawapatulira apetulo mpikisano wawowawo. Ine chala chili m'kamwa, ndikungogwedeza mutu.

Mwadzidzidzi kainjini kanalira. Phokoso lake losagwirizana ndi msinkhu! Madala onse anakuwa kuti ponya, ponya, ndipo poti kwathu anatilera kumvera akulu, ndinaponya.

Inakwera mozungulira, mokongola, dzuwa likuwala kupyola m'mapiko achikasu moti nthiti zonse zinkaoneka, ngakhale ija ndinaimata mokhota. Injini inazima panthawi yake. Madala anawomba m'manja. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zouza anzanga a ku Ndirande kuti waya unali chiyambi chabe.

Koma ndege sinkatsika. Inalowa mumpweya wotentha umene umakwera kuchokera m'minda dzuwa likaomba, womwe uja akabawi amayandamapo osakupiza mapiko, ndipo inayamba kuchepa.

"Chingwe unadula cha mphindi zingati?" anafunsa agogo.

Ndinayang'ana bokosi la machesi m'dzanja langa. Agogo anayang'ananso bokosilo. Anavula chipewa.

Ndinaliyatsa liwiro, maso kumwamba. Munthu wothamanga akuyang'ana kumwamba saona ngalande. Nditavuuka, ndinalumpha mpanda n'kugwera m'zitsamba zina za kuno zoyabwa ngati chitedze. Nsapato imodzi inatsala m'matope, ndipo sindinaitsanzike n'komwe. Nditadutsa minda ingapo ndege inali itasowa, ine ndili pakati pa ng'ombe zakuda ndi zoyera zimene zinayamba kunditsata pang'onopang'ono, mwaulemu, zikupumira m'khosi mwanga.

Dzuwa litapendeka, foni inalira m'thumba.

"Bambo, shifiti ikuyenda bwanji?"

"Ntchito yachuluka, mayi. Sitikupuma n'komwe."

"Pepani. Nanga ng'ombe ikulirayo mwaigoneka wodi iti?"

Ndinawapeza m'khitchini mwa mlimi wina, akumwa tiyi ndi mabisiketi, atavala chitenje chawo chakutchalitchi. Mlimiyo anali atawaimbira masana omwewo, iwo n'kuyendetsa galimoto mpaka kufamuko. Mphotho anali atapereka kale, mapaundi 20, ndipo anandiuza pamaso pa mwini nyumba, m'Chichewa chofatsa, akumwetulira, kuti ndalamazo zichokera kuti. Ndege inali patebulo. Inatera bwinobwino m'busa, mlimi anatero, koma ng'ombe zinaipeza iye asanafike. Zikuoneka kuti fungo limene linandithamangitsa m'nyumba mwanga, kwa ng'ombe ndi ndiwo. Phiko limodzi linatsala nthiti zokhazokha, mchira kunalibe, koma kapepala ka nambala kanali bwinobwino, osakhudzidwa ngakhale ndi lilime.

Mayi anandijambula nditanyamula zotsalazo, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, n'kutumiza pa WhatsApp kugulu la kubanja. Tisanafike n'kunyumba komwe, amayi anga anaimba kuchokera kumudzi, mlongo wanga atawauza nkhani mwachidule.

"Mwanangu, ndamva wagula ndege. Khirisimasi ino ubwere nayo udzanditenge."

Mpongozi wawo anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Yadyedwa ndi ng'ombe, amayi."

Kunali zii kwa kanthawi.

"Iii, koma ng'ombe za kumeneko n'zazikulu bwanji?"