Imvi zanga ndi tambala wothawira ku Mozambique

Ife a ku Bembeke ndife anthu a tiyi. Kuzizira kwa mu Juni timakugonjetsa ndi kapu yaikulu, shuga masipuni atatu, mbatata yophika pambali, basi. Ndiye mwana wa mlongo wanga atabwera kuchokera ku Lilongwe ndi paketi ya khofi wogaya wa ku Misuku, ndinalawa kamodzi n'kumufunsa ngati wandibweretsera mankhwala a malungo.

Amene anapindula ndi mayi a kunyumba. Mnyamatayo anawaphunzitsa kuti zotsalira za khofi sataya. Akatsuka usipa amazipaka m'manja, fungo lonse balala. Poto wa nyemba wopserera amakwechera zomwezo. Zina anaziyanika, n'kuzimanga m'kansalu, n'kuponya mu nsapato zanga za ku tchalitchi, zomwe anati zinkathamangitsa ngakhale mphaka. Zotsala ankathira ku dimba patsinde pa kabichi.

Ine ndinangogwira mawu amodzi okha amene mnyamatayo ananena akutsanzika:

"Malume, ena amadetsera imvi ndi khofi yemweyu."

Pakutha pa miyezi iwiri anandisankha kukhala nkhoswe pa chinkhoswe chake ku Lizulu. Nditadziyang'ana pagalasi, mutu mbuu ngati ndagona m'chigayo. Khofi wa ku Misuku anali atatha kalekale, koma ndinati khofi ndi khofi. Ndinapita pa golosale n'kugula timapaketi 6 tating'ono tija tongothira m'madzi otentha. Zoti m'katimo muli kale shuga ndi mkaka zinalembedwa pamwamba pomwe, koma magalasi anga ndinali nditawaiwala m'Baibulo.

Loweruka m'mamawa ndinatsekera m'bafa, n'kukanda phala lolimba, n'kumata mutu wonse mpaka ndevu za m'mbali. Litauma ndinapesa. Anthuni, ndinabwerera m'mbuyo zaka 20! Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bambo a Chikondi, mwatani kumutuko? Mukununkhira ngati mu lesitilanti."

"Inu tiyeni, tichedwa."

Tinakwera kabaza kukafika pamsewu wa M1. Nkhungu ya ku Dedza mumaidziwa, sigwa ngati mvula koma imanyowetsa. Mu minibasi ndinamva kanthu kakuyenderera kuseri kwa khutu, ndinati ndi thukuta. Kamwana kamene kanali kumbuyo kwa mayi ake pafupi nane kanatambasula dzanja, n'kundigwira m'khosi, n'kunyambita chala. Kanabwerezanso.

Pofika ku Lizulu dzuwa linali litawala, kolala ya malaya anga oyera itasanduka ngati nsalu yosefera tiyi. Ndinavala jekete n'kukweza kolala yake, n'kukhala pampando wa kutsogolo mwaulemu wonse.

Njuchi yoyamba inabwera nthawi ya pemphero. Inazungulira kawiri n'kupita, ndipo ndikhulupirira kuti inakaitana anzake, chifukwa pofika nthawi yosinthana nkhuku zinali gulu. Tangoganizani: ndaimirira pakati pa bwalo, manja onse awiri agwira tambala, nkhoswe ya kuchikazi yaima patsogolo panga ndi msoti wake, amayi akululutira, pamutu panga pali msonkhano. Kugwedeza mutu sindingathe, anthu angaganize kuti ndikukana mbeta.

Ndinapirira mpaka imodzi italowa m'khutu. Pamenepo ulemu unatha. Ndinakuwa "Mayo!", manja n'kupita kumutu, tambala phururu! Anadumpha tebulo la keke, n'kudutsa pakati pa azimayi ogulitsa tomato, n'kuwoloka msewu. Odziwa Lizulu akudziwa kuti tsidya lina la msewuwo ndi Mozambique. Tambala wa chinkhoswe anatuluka m'dziko wopanda pasipoti, anyamata anayi ali pambuyo pake.

Agogo ena a kuchikazi anabwera ndi beseni la madzi osamba m'manja n'kundikhuthulira pamutu pamaso pa anthu onse. Madzi anatsika ofiirira, imvi zanga n'kubwerera zonse nthawi imodzi.

"Aa, kodi ndinu achikulire eti?" anatero agogowo. "Ife timadabwa kuti kuchimuna atitumizira mwana."

Tambala sanapezeke. Ndinagula wina pamsika ndi ndalama yanga ya thiransipoti, khutu litatupa ngati chitumbuwa, ndipo mayi a kunyumba anandilipirira minibasi pobwerera atandiuza kuti ndi ngongole.