Zimene ndaphunzira za kalembera wa mbalame ndi nyama kudambo la Elephant Marsh

M'maphunziro athu a kasamalidwe ka zachilengedwe takhala tikukambirana za kalembera wa nyama ndi mbalame amene anthu akumudzi amatengamo mbali, ndipo ine monga mwana wa kuno kuchigwa cha Shire, maganizo anga akhala ali pa dambo la Elephant Marsh, lomwe lili m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. David Livingstone atafika kumeneku mu 1859 anapeza njovu mazanamazana, koma lero kwatsala mvuu, ng'ona ndi mbalame zam'madzi zankhaninkhani, zomwe zinathandiza kuti mu 2017 damboli lilowe m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar.

Mfundo imene yandigwira mtima ndi yakuti chiwerengero cha tsiku limodzi chilibe phindu pachokha, mpaka chitayerekezedwa ndi china chotengedwa pamalo omwewo, nyengo yomweyo ndiponso mwa njira yomweyo. N'chifukwa chake kalembera wa mbalame zam'madzi wa padziko lonse, amene anayamba mu 1967 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International, amachitika mu Januwale chaka ndi chaka. Wowerenga amalemba nthawi yonyamukira, njira imene bwato ladzera ndi mmene madzi alili. Akakumana ndi gulu la akakowa kapena atsekwe losatheka kuliwerenga mmodzimmodzi, amayamba wapatula mbalame khumi ndi maso, kenako n'kuona kuti kagulu kotero kangalowe kangati m'gulu lonselo. Chovuta kuzolowera n'chakuti pamalo pamene sanaonepo kanthu amayeneranso kulemba ziro, pakuti mzere wosiyidwa wopanda kanthu susonyeza ngati nkhwazi kunalibe kapena munthuyo sanafikeko.

Ku Majete zinthu n'zosiyana, chifukwa nkhalangoyo ili ndi mpanda, ndipo bungwe la African Parks, lomwe lakhala likuiyang'anira kuyambira mu 2003, limatha kuwerenga nyama ndi ndege. Dambo lilibe mpanda, ndipo amene amakhalamo chaka chonse ndi asodzi a makakana ndi milamba, alimi a m'madimba, ndi amayi okumba nyika, mizu yodyedwa ya zomera zam'madzi, nthawi ya njala. Katswiri wochokera ku Blantyre angabwere ndi makina oonera patali, koma sangadziwe ngalande imene inatsekeka ndi namasupuni kapena imene inasintha njira madzi atasefukira ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Msodzi amadziwa zimenezi, ndiponso amadziwa mchenga umene ng'ona zimaikira mazira.

Komabe nzeru za msodzi nazo zili ndi pokhota. Kwathu kuno ng'ona imatchulidwa ikagwira munthu kapena mbuzi, ndipo mvuu imakumbukika ikadya chimanga kudimba, kotero kuti tikangodalira zokamba za pamudzi tingaganize kuti nyamazi zikuchuluka pamene mwina anthu ndi amene akuyandikira kwambiri malo ake. Kulemba mwadongosolo, ngakhale tsiku limene palibe chachitika, ndi kumene kumalekanitsa zinthu ziwirizi. Za mapulogalamu a pafoni olembapo mbalame ndi nyama zimene munthu waona, monga eBird ndi iNaturalist, sindikana kuti ndi othandiza, koma kumadoko kumene netiweki ndi magetsi zimavuta, kope ndi pensulo zokulunga m'pepala la pulasitiki n'zodalirika kuposa foni.

Chimene sindigwirizana nacho m'mene ntchitozi zimayendera kawirikawiri n'chakuti mapepala akatoleredwa amapita kumaofesi, lipoti n'kutuluka m'Chingerezi, pamene wopalasa bwato uja samvanso kanthu. Munthu amene wasiya ukonde wake m'mawa wonse kuti awerenge mavuwo ayenera kuuzidwa zotsatira pamsonkhano wa kwa nyakwawa, m'Chisena kapena m'Chimang'anja, kuti komiti ya padoko izigwiritse ntchito pokambirana za malo oswanirana nsomba ndi madoko oopsa kutungapo madzi.