Usiku womwe gemu ya DOS inadzutsa nyumba yonse

Gemu ya mpikisano wa magalimoto yomwe ndinkaikonda ndili mwana, ya pa DOS (pulogalamu yomwe inkayendetsa makompyuta Windows isanafale), inakanitsitsa kutseguka pa laputopu yanga. Sindinadabwe, chifukwa Windows ya 64-bit ilibe NTVDM, mbali yomwe inkayendetsa mapulogalamu akale a 16-bit ngati gemu imeneyi. Mankhwala ake ndi DOSBox, pulogalamu yomwe imatsanzira kompyuta yakale ya DOS. Ndinadikira kuti onse agone, n'kuyamba ntchito.

Foda ndinaitcha MagemuAkale, kuiwala kuti DOS imangodziwa mayina osapitirira zilembo 8. Nditalemba mount c c:\dos (kuuza DOSBox komwe kuli mafayilo anga) kenako dir kuti ndione zomwe zilimo, foda ija inaoneka ngati MAGEMU~1. Kachizindikiro kokhotakhotako ndinakafunafuna pa kiyibodi mpaka maso kuwawa. Itchuleni masewera, zilembo 8 ndendende, mupume.

Gemu itatseguka, galimoto yanga inagunda khoma ndisanaione n'komwe. Magemu ambiri akale amayendera liwiro la purosesa, ndipo iyi anaipangira IBM PC ya 4.77 MHz. DOSBox imayambira pa ma cycles 3000 (muyeso wa liwiro lake) pamene gemu yotere imafuna pafupifupi 300. Ctrl+F11 imachepetsa, Ctrl+F12 imawonjezera, ndipo nambala imaoneka pamwamba pa windo. Kuti mutsike kufika 300 muyenera kudina kopitirira kakhumi.

Ndinadinadi kakhumi. Nambala osasuntha. Ndinaonjezera kakhumi kena mokwiya. Kani pa laputopu imeneyi F11 ndi batani lokwezera mawu pokhapokha utagwira Fn! Mpikisano wina utayamba, kanyimbo kake ka PC speaker kanalira tswiii, kothamanga kakhumi, voliyumu ili kumapeto.

“Kodi inu bambo a ana, alamu yamotoyo mukungoimvera?” Awo anali mayi a kunyumba, atatulukira atanyamula mwana kudzanja lina, ndowa ya madzi kwinaku.

Mwamantha ndinagwira Fn ndi Ctrl, chala n'kutsetsereka kugwera pa F9. Ctrl+F9 imazimitsa DOSBox pompo osafunsa kanthu. Chete! Pa sikirini panangotsala chithunzi cha ukwati wathu, ine ndili tuzu ngati munthu wagwidwa akuba.

M'mawa ndinatsegula fayilo ya .conf ya DOSBox. Pansi pa [cpu] ndinalemba cycles=fixed 300, pansi pa [autoexec] n'kuikapo mzere wa mount uja kuti ndisamaulembe tsiku lililonse. Galimoto tsopano ikuyenda mwaulemu, ndipo ndikumaluzabe ngati kale. Mahedifoni anandigulira okha mayi a kunyumba, sanandifunse mtundu.