Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kachipinda kopanda mawindo

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinalandira PhD. Ntchito yotsatira inali ya postdoc, kafukufuku amene munthu amachita akangomaliza PhD, ya zaka ziwiri. Tsiku loyamba anandipatsa makiyi a kachipinda kopanda mawindo, momwe munali kamera imodzi, nyali za halogen ndi mulu wa zidutswa za konkire.

Kamera wamba imaona mitundu itatu yokha: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Ya m'kachipindamo inali ya hyperspectral, yomwe imagawa kuwala m'timagawo mazanamazana mpaka kukafika ku 2500 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), pomwe diso la munthu limathera cha m'ma 700. Siijambula kamodzin'kamodzi ngati foni ayi. Imawerenga mzere umodzi, chidutswa n'kusendera pang'ono, mzere wina, mpaka chonse chithe. Madzi amadziulula pa 1400 ndi 1900 nm, calcium carbonate cha pa 2340.

Ine ndinkafufuza carbonation. Mpweya wa CO2 umalowerera m'konkire mwakachetechete n'kusandutsa calcium hydroxide kukhala carbonate. pH, muyeso wosonyeza ngati chinthu chili cha asidi kapena ayi, imatsika kuchoka pa 12 kapena 13 kufika cha pa 9, kenako zitsulo za m'kati zimayamba dzimbiri. Njira yakale ndi kuswa konkireyo n'kupopera mankhwala otchedwa phenolphthalein, ndipo pomwe mpweyawo sunafike pamasanduka pinki. Kunena zoona njirayi ndimaikondabe, ngakhale anandilemba ntchito kuti ndipeze yoilowa m'malo.

Mwezi wachitatu ndinaona zachilendo. Chidutswa chimodzimodzicho ndikachijambula kachiwiri, kachitatu, chizindikiro cha madzi cha pa 1900 chinkanka chichepa. Mtima unagunda. Ndinalemba masamba anayi usiku womwewo, ndikudziona kale ndili pa msonkhano waukulu.

M'mawa ndinaitana amisiri a mu labotale, bambo achikulire osayankhulayankhula. Pa kompyuta sanayang'anepo n'komwe. Anangogwira chidutswacho ndi kuseri kwa dzanja.

"Adokotala, chatentha ichi. Nyali zanuzi zikuchiumitsa."

Ndinangoti kakasi. Miyezi itatu ndinkayeza kutentha kwa nyali zanga zomwe.

Kuyambira pamenepo chidutswa chilichonse chinkakwera pa sikelo ndisanachijambule ndiponso ndikamaliza, ndipo nyali tinazisunthira kutali. Masamba anayi aja ndikadali nawo m'kabati. M'gawo lotsatira ndidzakuuzani za konkire ya pa mlatho wakale imene anatibweretsera itaviikidwa m'madzi amchere.