Pomwe ndafika pa nkhani yopaka polishi wa matayala kuno ku Kasungu

Mwezi uno chidwi changa pa kusamalira galimoto chakhala pa matayala, makamaka pa nkhani yowapaka polishi mosadetsa marimu ndi penti. Galimoto yanga ndi Toyota Corolla yoyera, ndipo mtundu woyera subisa kanthu, chifukwa kadontho kalikonse kothamangitsidwa ndi tayala likamazungulira kamakaonekera m'munsi mwa zitseko ndi pa bampala ya kumbuyo. Kuno ku Kasungu vutoli limakula m'chilimwe, pamene munthu ukangopatuka mu msewu wa M1 kulowa m'misewu ya dothi, fumbi limakakamira paliponse pamene pali mafuta. Zimene ndaona n'zakuti polishi amene amadetsa penti ndi uja wotsalira pamwamba pa mphira, osati amene wagwira bwino, choncho luso lonse lagona pa kutsuka tayala mokwanira, kupaka pang'ono, ndi kupukuta wotsalayo galimoto isananyamuke.

Ndiyambe ndi kutsuka, chifukwa ndi pamene ambiri timachitapo changu. Tayala likakhalitsa limasanduka lofiirira m'mbali, ndipo anthu amati ndi dothi chabe, koma mbali ina ya mtundu umenewo imachokera mu mphira momwemo. Opanga matayala amasakanizamo mankhwala oteteza mphira kuti isang'ambike ndi mpweya wa ozoni, ndipo mankhwalawo amatuluka pang'onopang'ono n'kufika pamwamba, pomwe amasintha mtundu akakumana ndi mpweya. Ukapaka polishi pamwamba pa litsiro limeneli, iye sagwira mphira, amangoyandama, ndiye amene amadzathamangira pa penti. Masiku ano ndimakwecha mbali ya tayala ndi burashi yolimba ndi madzi a sopo, ndimatsukuluza, kenaka ndimabwerezanso mpaka thovu litasiya kutuluka lofiirira n'kuyamba kuoneka loyera. Burashi imeneyi ndi ya matayala okha ndipo sindiiyandikiza pa penti kapena pa rimu, popeza imasunga mchenga umene ungakande.

Tayala liyeneranso kuuma kotheratu. Madzi amabisala m'zilembo za m'mbali, muja mwalembedwa dzina la kampani ndi saizi monga 185/65 R15, komanso mu mzere umene mphira imakumana ndi rimu, ndipo akasakanikirana ndi polishi amayenderera kutsikira pa rimu. N'chifukwa chake matayala ndimawatsuka poyamba, n'kuwapaka pomalizira penipeni, galimoto yonse itatsukidwa ndi kupukutidwa.

Kusintha kwakukulu kumene ndapanga ndi kuleka kupopera polishi mwachindunji pa tayala. Botolo lopopera limamwaza timadontho ting'onoting'ono timene mphepo ya miyezi ino imatitenga n'kutikhazika pa rimu ndi pa chitseko, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti timatha kudutsa m'mipata ya rimu n'kukafika pa disiki ya mabuleki, pamalo pamene sipayenera kufika chilichonse choterera. Tsopano ndimaima chapatali ndi galimoto, nditafulatira mphepo, n'kuthira polishi pang'ono pa siponji, kenaka ndimapita nayo pa tayala. Siponjiyo ndinaidula mopendeka mbali imodzi kuti ikhale ndi nsonga yopyapyala, ndipo nsongayo ndi imene ndimayendetsa m'mphepete mwa rimu. Ndimayambira pakati pa mbali ya tayala pamene siponji ili yonyowa kwambiri, ndipo ku mphepete ndimafikako itayamba kuuma, kotero kuti palibe chodontha. Pa matayala a m'mbali mopapatiza, amene mphira yake ndi yochepa pakati pa rimu ndi msewu, katoni yodulidwa mozungulira ngati theka la mwezi imathandiza kutchinga rimu, ngakhale kuti dzanja likazolowera katoniyo siifunikanso kwenikweni.

Mbali ya pansi, imene yagunda dothi, sindilimbana nayo. Ndikamaliza matayala onse anayi ndimasuntha galimoto pang'ono kuti mbali imeneyo ikwere m'mwamba, ndiye ndimaipaka siponji isanakhudze mchenga. Pamapazi a tayala, pamene limaponda msewu, sindipakapo chilichonse, ndipo malire anga ndi pomwe mizere ya mapaziwo ikuyambira. Apa ndikufuna kupempha abale athu a kabaza wa njinga zamoto, amene ambiri amakonda kuti njinga zawo zizioneka bwino, kuti polishi ameneyu asamamuike n'komwe pa matayala awo, chifukwa njinga yamoto pokhota imapendekeka n'kuponda ndi m'mphepete mwa tayala, ndipo mphira yoterera pamenepo ikhoza kugwetsa woyendetsa pamodzi ndi amene wamunyamula.

Ndikapaka ndimasiya kwa mphindi pakati pa 15 ndi 30 pamthunzi, malinga ndi zimene zalembedwa pa botolo, kenaka ndimatenga nsanza youma n'kupukuta tayala lonse, ndikutsindika m'zilembo ndi m'timizere momwe polishi amadikha. Kupukuta kumeneku kumachepetsa kunyezimira, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ena amaona ngati ndikuwononga ntchito imene ndangoimaliza kumene. Ine maganizo anga ndi osiyana. Tayala lonyezimira kwambiri limakongola pamalo otsukira galimoto pokha, koma ukangoyenda nalo ulendo wa ku Chulu kapena ku Santhe limabwerako litavala fumbi kuposa limene silinapakidwe n'komwe. Tayala lakuda bii, losalala koma louma ukaligwira, ndi limene limapirira misewu yathu, ndipo muyeso wanga ndi wosavuta: ndikadutsitsa chala n'kuona kuti chanyowa mafuta, ndiye kuti kupukuta sikunathe.

Mtundu wa polishi nawo uli ndi mbali yake. Alipo wa madzi, amene nthawi zambiri amaoneka woyera ngati mkaka, ndipo alipo wina woonekera mkati amene silikoni wake, yemwe ndi mankhwala onyezimiritsa tayala, amasungunulidwa m'mankhwala ochokera ku mafuta. Wachiwiriyu amanyezimira kwambiri ndipo amapirira mvula, koma amakhala wonata, amakoka fumbi, ndipo akadonthera pa penti savomera kuchoka ndi madzi okha. Wa madzi sakhalitsa, komabe amauma bwino ndipo akagwera pa rimu amachoka ndi nsanza yonyowa ngati wafulumira kupukuta, n'chifukwa chake ndasankha iyeyu pa nyengo ino. Zina zimene anthu amapaka pofuna kupulumutsa ndalama sindigwirizana nazo. Oyilo wakutha wa injini amafewetsa ndi kuwononga mphira, pomwe mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amadya penti, moti kadontho kake kakakhalitsa pa chitseko kamasiya chipsera.

Phindu lina la ntchito imeneyi n'lakuti munthu umaliona tayala pafupi. Pokwecha ndimayang'ana ngati pali ming'alu kapena chotupa m'mbali, ndipo ndimawerenga manambala anayi omalizira pa mzere wa m'mbali mwa tayala umene umayamba ndi zilembo za DOT, amene amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Izi n'zofunika kwa ife amene nthawi zina timagula matayala ogwirapo kale ntchito, chifukwa polishi amatha kubisa timing'alu ta tayala lokalamba n'kulionetsa ngati latsopano.

Pakadali pano marimu akumatsala oyera ndipo m'munsi mwa zitseko simukuonekanso timadontho. Chimene chatsala ndi kuona mmene polishi wa madziyu adzachitire mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, pamene matope adzalowa m'malo mwa fumbi, ndipo ngati azidzachoka msanga ndidzayesa kupaka kawiri mopyapyala, ndikusiya kuti woyambayo aume ndisanaonjezere wachiwiri.